Denga la Mkazi wa a Wezulo

"Bwereza ndimve," a Tsitsani anatero, kapu ya madzi ili m'manja.

"Ndati sindipita. Ntchito imeneyo mukaigwire nokha."

Kapuyo inamupeza Ndodo pachipumi, madzi n'kutsikira m'malaya. Sanadzipukute. Anangoima pakati pa balaza, mutu utatsala pang'ono kugunda mtanda wa denga. Alongo ake aang'ono awiri anathawira kuseri kwa katani.

"Ndayenda ine mpaka zidendene kung'aluka," mayi ake anatero. "Ndagwadira Kapitawo, munthu amene sindingamupatse ngakhale madzi otsukira mbale. Ati nyumba ya kampani ndi ya munthu wogwira ntchito, wanu uja anafa, tulukani. Ine ndati mwana alipo. Ati malo kulibe. Ndakhala pansi pakhomo la ofesi yake mpaka watopa nane. Lero malo apezeka, iwe ukuti chiyani?"

"Malo ake ati, amayi? Kukanakhala kumacheka ndikanapita chothamanga. Koma gulu lokonza madenga?"

"Si ntchito imeneyo?"

"Mukudziwa zimene amakonza."

Ankadziwa. Pamalayini a kampani yocheka matabwayo panalibe wosadziwa. Kampani sinkatulutsa munthu m'nyumba, poti kutulutsa munthu kumafuna khoti, ndipo khoti limachedwa. Inkangotumiza anyamata ndi makwerero, ati akakonze denga. Ankazula malata a pamwamba pa chipinda chogona, kuwakweza pa lole, ati akawongoledwe, basi osabweranso. Mvula ndiyo inkamaliza ntchito.

Amene anapeza mankhwala ake anali amuna awo a Tsitsani, mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito, amene aliyense ankangowatchula kuti a Wezulo. Anyamata aja akangokwera, iwo ankaliza wezulo, azimayi a layini yonse n'kutuluka, kunyamula makwerero kukawabisa. Lamulo linali limodzi: munthu osamukhudza. Anyamata ankatsala pamwamba, malata akuwawotcha kumapazi, mpaka akhomerenso okha zimene azula. Akatero makwerero ankabwera, ndi kapu ya madzi pamwamba. A Wezulowo anafera pageti la fakitale pa sitalaka, zibonga za alonda zitawaswa mutu.

"Anthu adzati chiyani?" Ndodo anatero. "Mwana wa a Wezulo pamwamba pa denga la mnzake, chozulira misomali m'manja?"

"Anthu ake ati? Aja akusindikiza nkhope ya bambo ako pa malaya? Malaya amenewo ndiwafolere padenga? Chiwaikireni m'manda, wabwera ndani kudzafunsa ngati ana awa adya?"

"Bambo akanakhala moyo..."

Mbama inalira. Ndodo anali wamtali, koma mkono wa mayi ake unafika.

"Bambo ako ali m'dothi, ali ndi denga losadontha. Ine ndili ndi atsikana awiri ndi mvula ikubwera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Mawa uvale ovolosi. Ukakana, tenga bulangeti lako ukagone kumanda komweko, akakufunditse dzina."

M'mawa Ndodo anavala ovolosi.

Dzina la Tsitsani mayiwa analitenga kumsika, kumene ankagula tomato wa pikulitsa. Panalibe mlimi amene anawauzapo mtengo iwo n'kungovomera. Koma sabata imeneyo malonda anavuta. Azimayi a kumalayini ankadutsa benchi lawo nkhope zili kumbali. Wina anachita kugunda dengu ndi bondo, tomato n'kumwazika m'matope, iye osatembenuka. Madzulo miyala inayamba kugwa padenga pawo. A Tsitsani ankatuluka ndi chikuni, kutukwana mdima, kubwerera.

Loweruka kunabwera a Makanika, mnzawo wa malemu wa ponda apa nane ndipondepo, a khomo lachitatu kuchokera pawo. Anawachotsa ntchito sitalaka itatha, ndipo akazi awo anali ndi khanda losatha mwezi. Wezulo ya malemu inali m'khosi mwawo, pa chingwe cha nsapato. Anakana mpando.

"Alamu, mwambo wokumbukira achimwene tauika kumapeto kwa mwezi, pageti pomwepo. Akuluakulu a bungwe abwera kuchokera kulikulu. Timafuna mukhale kutsogolo, munenepo mawu."

"Mpando wake uli ndi denga?"

"Musatero, alamu."

"Ndikufunsa. Akuluakuluwo akubwera ndi kiyi wa nyumba, kapena ndi nyimbo?"

A Makanika anatsitsa mawu. "Ndamva za mwanayu. Ndati ndimve kwa inu, poti kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Mwamva zoona."

"Dzana azula kwa mayi wosoka matumba uja, layini ya kumunsi. Ana ake akugona pansi pa tebulo. Amene anagwira makwerero ndi Ndodo. Alamu, mutu umodzi susenza denga. Achimwene anatiphunzitsa zimenezo ndi magazi awo."

"Mitu yanu yambiriyo inali kuti tsiku lija? Atagwa pageti anali yekha. Ine ndinakatola nsapato yake m'ngalande. Inu munali mutathawira kuseri kwa milu ya matabwa, nonse, ndi nyimbo zanu zomwe."

Nkhope ya a Makanika inachita mdima. Dzanja linapita pa wezulo.

"Muchotseni mwanayo. Anthu akwiya, ndipo ine sindingawagwire monga ankawagwirira achimwene. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Chili kale pa ine. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tulukani, ndikufuna kusesa."

Anasesa ndithu, fumbi likutsata zidendene za mlendo.

Ndodo anasiya kulankhula. Ankabwera madzulo zikhatho zitachekekachekeka ndi malata, kudya chakudya chake ataimirira, kugona nkhope kukhoma. Tsiku lina mlongo wake wamng'ono anamufunsa chifukwa chake anzake akusukulu akumutcha mwana wa akhwangwala. Ndodo anamenya khoma ndi chibakera mpaka pulasitala kugwa. Mayi ake anangotola zidutswazo n'kukataya.

Lole inafika pa layini yawo m'mawa wa tsiku lotentha, mitambo itaunjikana kale chakum'mawa. A Tsitsani anali pa mpopi, ndowa itadzaza theka. Anaona Kapitawo akutsika kutsogolo, chipewa chake chachikasu kumutu, anyamata akutsitsa makwerero. Anawaimika pakhoma la a Makanika.

Kapitawo anayang'ana anyamata ake mmodzimmodzi ngati akusankha nkhuku.

"Mwana wa a Wezulo, lero ukwera ndiwe. Wekha. Anthu a kwanu akuone kuti wakula."

"Bwana, pano ayi," Ndodo anatero. "Ndipatseni layini ina."

"Khomo lina ndi la kwanu. Sankha: denga ili kapena la amako."

Ndodo anayang'ana ku mpopi. A Tsitsani sanagwedeze mutu. Anangoyang'ana madzi akusefukira mu ndowa. Mwana anakwera.

Misomali inalira ikuzuka. Lata loyamba linatseguka, ndipo kulira kwa khanda kunatulukira pamwamba ngati utsi. Ndodo anasuzumira m'chibowomo. Chimene anaona mayi ake sanachione, koma anamuona akuimirira, akuponya chozulira misomali pansi, akutembenukira ku makwerero.

Pomwepo wezulo inalira.

Zitseko zinatseguka layini yonse. Koma amene anatuluka sanali azimayi okha monga kale. Amuna ochotsedwa ntchito anali pakhomo tsiku lonse masiku amenewo, ndipo anatuluka ndi zimene manja anapeza: mapaipi, njerwa, mipini. Anyamata a Kapitawo anathawira pa lole. A Makanika anatulukira kuseri kwa nyumba, wezulo ikadali pakamwa, maso ali psu.

"Makwerero," wina anakuwa. "Landani makwerero."

Malemu ankayamba ayang'ana m'mwamba, kuona kuti mapazi onse ali pa malata, ndiye n'kukweza dzanja. A Makanika sanayang'ane. Anagwira miyendo ya makwerero n'kukoka ndi mphamvu zonse, Ndodo ali atangoponda masitepe a pamwamba.

Ndodo anagwa chagada pa mgolo wa madzi. Mgolowo unalira ngati ng'oma yong'ambika. Lata lozulidwa lija linatsetsereka kumutsatira, n'kumutema pantchafu.

Zikanathera pomwepo. Koma gulu likanunkhiza magazi silifunsa kuti ndi mwana wa yani. Njerwa yoyamba inachokera kwa mwamuna wa mayi wina wophika mowa pa layini pomwepo. Kenako mpini. Kenako mapazi. A Makanika anali ndi sipanala yaikulu yomasulira mateyala a lole, ndipo anaitsitsa pa bondo la mwana wa mnzawo, akulira misozi ngati iwo ndiwo akumenyedwa.

A Tsitsani sanadziwe kuti ndowa anainyamula liti. Anaiona ikuphwanyika pankhope pa munthu. Analuma mkono umene unawatsekereza mpaka mano kukumana ndi fupa. Anang'amba malaya a wina, kugwetsa mayi wina ndi mutu, n'kudziponya pa mwana wawo chafufumimba. Paipi inawapeza pamsana. Ina paphewa.

"Menyani," ananena, pakamwa pali magazi. "Munathawa alonda, lero mwapeza saizi yanu. Menyani mumalize banja lonse, mukaimbe bwino pageti."

Mapazi anayamba kubwerera m'mbuyo. Kapitawo anali pa lole nthawi yonseyo, chitseko chokhoma, foni ili kukhutu. Sanatsike.

Kuchipatala anasoka ntchafu, kumanga bondo, n'kunena kuti chiuno chasweka. Adzayenda, ati, koma makwerero sadzakweranso. Patapita masiku anamubweza kunyumba pa matiresi kumbuyo kwa galimoto, poti mabedi anali ochepa. Anamugoneka kuchipinda, pa bedi la malemu.

Kapitawo anabwera tsiku lotsatira. Sanaodire. Anakhala pa mpando wa malemu, chipewa pabondo.

"Pepani ndi zovutazi, amayi. Koma lamulo mukulidziwa. Nyumba ndi ya dzanja logwira ntchito."

"Dzanjalo lathyokera pa ntchito yanu."

"Lathyoledwa ndi anansi anu. Kampani sinamenye munthu."

"Munamukweza dala."

"Ine ndimagawa ntchito, sindigawa miyala." Anazunguza chipewa chija ndi chala. "Komabe njira ilipo. Apolisi akufuna mboni. Layini yonse ikuti sinaone kanthu, ati mwanayo anaterereka yekha. Inu munaona. Simufunika kulemba kalikonse. Mungoyenda nafe, kuloza makomo."

A Tsitsani anakhala pansi, miyendo kutambasula, monga ankakhalira pa pikulitsa. Phewa linali likuwawabe.

"Ndikaloza, nyumba mpaka liti?"

"Mpaka mwana achire."

"Akwezeni mawuwo. Mpaka atsikana amalize sukulu."

"Amayi, si tomato uyu."

"Ndiye kalozeni nokha. Munali pa lole, maso munali nawo."

Kapitawo anaseka, koma anadziwa kuti mawu ake okha kukhoti sangalemere. Anakokanakokana mpaka dzuwa kupendeka. Mayiwa anapeza nyumba, anapeza ntchito ya pageti ya Ndodo akadzadzuka, anapeza galimoto yomutengera kuchipatala. Ataimirira, Kapitawo anaima pakhomo.

"Changa ndi chimodzi. Makomo amene mulozewo tikakonza madenga ake. Ndikadzangomva kuti mwalowetsa ngakhale mphaka wa kumeneko m'nyumba muno, pangano latha, lole ibwera tsiku lomwelo."

"Ndilowetse anthu amene anafuna kundiphera mwana? Pitani bwino."

Atatuluka, mawu anachokera kuchipinda.

"Amayi, musakaloze."

"Gona, iwe."

"A Makanika sanandione. Ndinali ndikutsika."

"Sipanala nayo sinakuone? Bondo lako linadzimenya lokha?"

"M'nyumba muja munali khanda, amayi. Lata nditalitsegula, dzimbiri linagwera pankhope pake. Mukanakhala inu mukanatani?"

"Ndikanapha munthu," anayankha mosaganiza. Kenako anakoka katani mwamphamvu mpaka msomali kuzuka. "N'chifukwa chake ndikukaloza."

Analoza. Anayenda pakati pa apolisi awiri, kuyambira kumtunda kwa layini mpaka kumunsi, dzanja losawawa likukwera ndi kutsika. Sanawonjezere khomo ngakhale limodzi, sanasiyenso ngakhale limodzi. Apolisi anatulutsa amuna ndi zibonga. Mwamuna wa mayi wophika mowa anakana kukwera galimoto, anamuthyola mano pa chitsulo cha kumbuyo ana ake akuona. A Makanika anatuluka okha, manja kutsogolo. Podutsa anayang'ana mlamu wawo.

"Mwanayo ali bwanji?"

A Tsitsani anawalavulira pa malaya.

Lole ya madenga inabwera tsiku la mwambo wokumbukira, poti Kapitawo anadziwa kuti amene atsala ndi mphamvu adzakhala pageti. Kuchokera pakhonde pawo a Tsitsani ankamva zonse ziwiri: zokuzira mawu kufakitale zikutchula dzina la amuna awo, munthu wa anthu, chishango cha osauka, ndi misomali ikulira khomo ndi khomo. Apolisi a mfuti anaima pansi pa makwerero. Pofika masana nyumba zambiri za layiniyo zinali zitayasama kumwamba. Lole inapita. Kunatsala mlonda mmodzi wa kampani, atakhala pansi pa mtengo kutsidya kwa msewu, nkhope kuloza khomo la a Tsitsani.

Mvula inafika ndi mphepo dzuwa lisanalowe. Zokuzira mawu zinazima, magalimoto a akuluakulu anamveka akuthawa. Padenga la a Tsitsani inkalira ngati akukhuthula miyala, koma mkati munali gwa, mouma. Anatseka mawindo, kuyatsa mbaula, kukhala pansi. Nyumba anaipeza. Anadziuza chomwecho kawiri.

Kenako anamva kukhosomola pakhonde.

"Ndani ameneyo?"

Anatsegula chitseko pang'ono. Khonde linali lodzaza. Ana atapanikizana kukhoma ngati anapiye, matiresi onyowa, mapoto, mbuzi ya munthu. Mayi wophika mowa anali kumapeto, theka la thupi lili pamvula. Pafupi ndi chitseko panali mkazi wa a Makanika, atawerama kuti msana wake utchinge khanda. Khandalo silinkalira. Linkangotulutsa kamawu ngati ka mwana wa mphaka.

"Chokani pakhonde panga."

"Tichoka ikakata," mkazi wa a Makanika anatero osadzutsa mutu. "Sitikupempha kanthu. Khonde si nyumba."

A Tsitsani anayang'ana kutsidya. Mlonda anali ataimirira tsopano, atafunda pepala la pulasitiki, akuyang'ana.

Anatseka chitseko. Anabwerera pa mbaula. Atsikana awo ankawayang'ana, iwo n'kuwakalipira kuti maso amenewo akawagulitse kumsika. Anasonkhezera makala amene sankafuna kusonkhezera. Kamawu kaja kankadutsabe pansi pa chitseko. Kuchipinda Ndodo anali chete, ndipo chete ameneyo ndiye anawakwiyitsa koposa.

"Lankhula, iwe. Ndikudziwa uli maso."

"Ndilibe mawu, amayi. Nyumba ndi yanu. Munaigula."

Anatukwana mwana, kutukwana Kapitawo, kutukwana malemu amene anawasiyira anthu onsewa pakhomo ngati katundu wosalipira msonkho. Anakankha chitseko ndi phazi mpaka chinamenya khoma.

"Khanda lokha. Bwera nalo."

"Liyamwa kwa ndani?" mkazi wa a Makanika anafunsa.

"Ndiye lowa nalo, koma usandiyang'ane."

"Enawa ndi anganso."

"Amene sanafike m'chiuno mwanga alowe. Otsala ayi."

Ana analowa, aafupi ndi aatali omwe, ena akupinda mawondo podutsa kuti achepe. A Tsitsani anaona, n'kuyang'ana kumbali. Azimayi anatsatira, aliyense ati akungosiya mwana. Mayi wophika mowa yekha anatsala pamvula, manja m'khwapa.

"Iwe, ukudikira kalata? Mwamuna wako ndiye anaponya njerwa yoyamba."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukhale pafupi ndi chitseko, pozizira. Mbuziyo ayi. Ndati mbuzi ayi."

Mbuzi inalowa pakati pa miyendo yawo. Moyo wawo wonse a Tsitsani anali asanagonjepo pa malonda chotere.

Asanatseke anayang'ananso kutsidya. Pansi pa mtengo panalibe munthu. Pepala la pulasitiki linkaoneka patali, likuthamanga kulowera ku ofesi.

M'nyumba munali nthunzi ya zovala zonyowa ndi fungo la ana. Wina anali atamuika kale mkazi wa a Makanika pafupi ndi mbaula, ndipo khanda linayamba kulira kulira kwenikweni, kwaukali.

"Amayi," Ndodo anaitana. "Mlonda waona?"

"Ali ndi maso."

Anaima pakati pa balaza, manja m'chiuno, akuyang'ana malata ouma aja. Kenako anawomba m'manja kamodzi.

"Inu, simunabwere kudzaotha. Anayi amphamvu, dzukani. Kanyamuleni bedi la mwana wanga, mulibweretse pabalaza pano, pang'onopang'ono, chiuno chake mukuchidziwa. Agalu a Kapitawo aja amayambira kuzula kuchipinda."